Khungu, katondo ndi phiri: mmene akonzi a kanema amasefera mitundu

Munthu amene wajambula ukwati pa Migowi kapena ku Chiringa m'mwezi wa Okutobala amafika pakompyuta ndi zithunzi zimene pafupifupi chilichonse chili ndi mtundu umodzi. Bwalo ndi lofiirira, khoma la tchalitchi ndi la njerwa zootcha, udzu wauma, fumbi lili m'malere, ndipo nkhope za akwati nazonso zagwera m'banja lomwelo la mitundu. Phiri la Michesi, limene maso amaliona bwinobwino tsikulo, m'kanema langotuwa ngati utsi. Akati awonjezere kufiira kuti nkhope ya mkwatibwi ioneke yamoyo, khoma ndi bwalo zimayaka ngati moto. Akati aziziritse chithunzi kuti phiri lituluke, anthu amambuwa ngati odwala. Vuto lotereli ndi limene linabala luso lotchedwa secondary colour correction, ndipo chida chake chachikulu ndi key.

Kale luso limeneli linali la nyumba zikuluzikulu zokonzera mafilimu ku America ndi ku Ulaya, kumene makina ake ankagulidwa ndi ndalama zoti munthu wamba sangazilote. Lero lili m'laputopu ya mnyamata wojambula makwaya, ngakhalenso m'foni. Komatu chida chinafika msanga kusiyana ndi nzeru za kagwiritsidwe kake, ndipo umboni uli m'makanema ambiri a nyimbo ndi a maukwati: nkhope zamawangamawanga, masamba obiriwira ngati pulasitiki, ndi mkombero wobiriwira wozungulira mutu wa woimba.

Kukonza chonse ndi kukonza kagawo

Ntchito yokonza mitundu ya kanema ili ndi magawo awiri. Gawo loyamba, limene limatchedwa primary, limakhudza chithunzi chonse nthawi imodzi, monga mmene mchere umalowerera mumphika wonse wa ndiwo. Apa mkonzi amaonetsetsa kuti malo akuda ada moyenera, malo owala sanapserere, ndipo malo apakati, pamene pamakhala nkhope za anthu, akuoneka. Mu pologalamu ya DaVinci Resolve ntchitoyi imagwiridwa ndi mawilo atatu otchedwa lift, gamma ndi gain. Apanso mpamene amakonza choyera kuti chikhaledi choyera. Kuwala kwa dzuwa lamasana kumayezedwa kuti ndi makelvin pafupifupi 5,600 ndipo kumapendekera ku buluu, pamene babu lakale la waya ndi la makelvin ngati 3,200 ndipo limapendekera ku chikasu. Maso a munthu amazolowera okha kusiyanaku, koma kamera siizolowera. Bulauzi yoyera ya mayi wa Mvano ikaoneka yachikasu m'kanema, ndiye kuti gawo loyambali silinathe.

Gawo lachiwiri, secondary, limakhudza kagawo kokha ka chithunzi n'kusiya zina zonse mmene zinalili: nkhope koma osati khoma, thambo koma osati denga, masamba a chimanga koma osati malaya a mlimi. Njira zosankhira kagawoko zilipo zitatu. Mkonzi angathe kusankha potsata mtundu, potsata malo amene wawazunguliza ndi mzere, kapena popinda mzere umene umakankha mtundu umodzi pang'onopang'ono. Akatswiri amagwirizana pa chinthu chimodzi: gawo lachiwiri silibwera gawo loyamba lisanathe. Mavuto ambiri amene ophunzira amalimbana nawo usiku wonse ndi key amakhala kuti akanatha m'mphindi imodzi chithunzi chonse chikanawongoledwa kaye.

Sefa ya mafunso atatu

M'nyumba zoulutsira zithunzi, mawu akuti key amatanthauza chizindikiro chimene chimaboola chithunzi kuti chinthu china chionekere pabowolo. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kofanana ndi sefa ya ufa: zina zimadutsa, zina zimatsala. Chithunzi cha kanema chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo, toposa 2 miliyoni m'chithunzi chimodzi cha 1920 kwa 1080, ndipo sefayi imafunsa kadontho kalikonse mafunso atatu. Funso loyamba ndi la mtundu weniweniwo, hue: kodi n'kofiira, kachikasu, kobiriwira kapena kabuluu? Lachiwiri ndi la saturation, kukolera kwa mtunduwo: kodi wakolera ngati chitenje chatsopano, kapena wasuluka ngati chimene chaona dzuwa ndi sopo kwa zaka? Lachitatu ndi la kuwala, luminance. Zilembo zoyamba za mawu atatuwa ndi zimene zimapanga dzina lakuti HSL. Mu Resolve chidachi chimatchedwa qualifier, mu Adobe Premiere Pro chimatchedwa HSL Secondary ndipo chinawonjezedwa ku gawo la Lumetri m'chaka cha 2016, pamene mu Final Cut Pro ndi color mask.

Mkonzi amatenga kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso n'kukhudza nako tsaya la mkwatibwi. Pologalamu imawerenga mayankho atatu a malowo n'kusonkhanitsa madontho onse a m'chithunzi amene akuyankha mofanana. Zimene yasonkhanitsazo imazionetsa m'chithunzi china chopanda mitundu, chotchedwa matte. Pamenepo choyera ndi chimene chasankhidwa, chakuda ndi chimene chasiyidwa, ndipo chotuwa ndi chimene chidzakhudzidwe pang'ono chabe. Wophunzira amathamangira kuona nkhope ikusintha. Wodziwa amakhalitsa pa matte, chifukwa chinyengo chonse cha key chimaonekera pamenepo. Akaona timabowo takuda pamphumi, kapena timadontho toyera tikuyendayenda pakhoma ngati nyerere, amadziwa kuti kanemayo akadzayamba kuyenda nkhopeyo idzaphethira.

Sefa yomweyi imagwira ntchito ziwiri. Pa secondary, zimene zasankhidwa zimasinthidwa mtundu koma zimakhala pamalo pake. Pa chroma key, imene ambiri amaidziwira pa nsalu yobiriwira, zimene zasankhidwa zimachotsedwa kotheratu ndipo pabowopo pamalowa chithunzi china. Palinso luma key, imene imafunsa za kuwala kokha, ndipo imathandiza posankha thambo lowala pamwamba pa mitengo yakuda.

Kumene zinachokera

Njira yochotsa mtundu umodzi kumbuyo kwa munthu inatchuka ndi filimu ya The Thief of Bagdad ya m'chaka cha 1940, imene Lawrence Butler analandira nayo mphoto ya Oscar atagwiritsa ntchito chinsalu chabuluu. Petro Vlahos anaikonza njirayi kufikira inatha kusunga tsitsi, utsi ndi magalasi, zinthu zimene poyamba zinkangodyedwa. Luso lake linagwira ntchito mu Ben-Hur ya mu 1959, ndipo mu 1976 anakhazikitsa kampani ya Ultimatte. Mbali ya kukonza mitundu inakula ndi kampani ya da Vinci Systems, imene inayamba mu 1984 ku Florida. Kampani ya ku Australia ya Blackmagic Design inagula da Vinci mu 2009, n'kutulutsa Resolve yaulere mu 2011, kenaka inagulanso Ultimatte mu 2016. Chaka cha 2011 chimenechi n'chofunika kwa wojambula wa ku Phalombe kuposa zaka zina zonsezo, pakuti mpamene chida cha ku Hollywood chinasanduka chinthu chongotsitsa pa intaneti.

Chitsanzo chimene aphunzitsi a lusoli amakonda kutchula ndi filimu ya O Brother, Where Art Thou? ya Joel ndi Ethan Coen, ya m'chaka cha 2000. Inajambulidwa ku Mississippi nthawi imene dziko linali lobiriwira kwambiri, pamene nkhani yake inkafuna dziko louma ndi lafumbi. Wojambula wake, Roger Deakins, anaika filimu yonse m'kompyuta, ndipo kubiriwira kwa mitengo ndi udzu kunasandutsidwa chikasu chouma popanda kuwononga nkhope za ochita sewero. M'chilankhulo cha nyengo za kuno, anatenga chigwa cha mu Januwale n'kuchiveka Okutobala.

Pamene khungu ndi dothi zimalimbirana malo

Kuti amvetse chifukwa chimene zithunzi za ku Phalombe zimavutira, mkonzi ayenera kudziwa chida choyezera chotchedwa vectorscope. Ndi bwalo lozungulira ngati wotchi. Pakati pake palibe mtundu; kadontho kakamatalikira pakatipo ndiye kuti mtundu wake wakolera, ndipo mbali imene kalowera ndi imene imanena mtunduwo. Pakati pa chofiira ndi chachikasu, cha pamene muvi wa wotchi umaloza 11 koloko, pali mzere umene umatchedwa mzere wa khungu. Chodabwitsa n'chakuti khungu la anthu onse, kaya Mlomwe wa kwa Nkhulambe kaya mzungu wa ku London, limagwera pafupi ndi mzere umenewu. Chimene chimasiyana kwambiri ndi kuwala ndi kukolera, osati mtundu weniweniwo. Mzerewu si lamulo la boma, koma nkhope ikapatuka patali n'kulowera kobiriwira kapena kofiirira ngati bilinganya, woonera amazindikira msanga kuti china chalakwika ngakhale sangathe kuchitchula.

Tsoka lake n'lakuti zinthu zambiri za m'mudzi wa m'munsi mwa phiri zimakhalanso pamzere womwewo. Njerwa yootcha, katondo, benchi lathabwa, udzu wofolera, mphasa, mtsuko, madzi amatope a mumtsinje wa Phalombe nthawi ya dzinja, zonsezi kwa qualifier ndi khungu. Mkonzi akakhudza tsaya, matte imayera theka la chithunzi. Kufinya malire a hue sikuthandiza kwenikweni, popeza mtunduwo ndi umodzi. Chimene chimathandizako ndi kufinya kuwala ndi kukolera, chifukwa dothi lounikidwa ndi dzuwa nthawi zambiri limawala kuposa nkhope. Koma mankhwala enieni ndi kuphatikiza njira ziwiri. Mkonzi amazunguliza nkhope ndi mzere wofewa m'mphepete, umene mu Resolve umatchedwa power window, ndipo sefa imagwira ntchito m'kati mwa mzerewo basi. Khoma likhoza kufanana ndi khungu mmene lingafunire, koma lili kunja kwa mpanda.

Mpandawo uyenera kuyenda ndi munthu, ndipo ntchito imeneyi ndi ya chida chotchedwa tracker, chimene chimalondola nkhope chithunzi ndi chithunzi. Kanema wa kuno kawirikawiri amakhala ndi zithunzi 25 pa sekondi, kotero nyimbo ya mphindi zinayi ili ndi zithunzi 6,000. Mlaliki woima pagome savuta kumulondola. Gule wa Tchopa, amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, ndi nkhani ina. Ovina amazungulira bwalo akudutsanadutsana, atavala zikopa ndi nthenga, ena atabereka mitolo kumsana, mapazi akutibula fumbi. Zikopa, fumbi, bwalo ndi matupi zonse zili pamzere umodzi uja, ndipo tracker imataya munthu wake nthawi iliyonse mnzake akadutsa kutsogolo. Apa mkonzi wanzeru amasiya kulimbana ndi nkhope iliyonse. Amawongola chithunzi chonse bwinobwino n'kugwiritsa ntchito secondary pa zinthu zimene zikusiyanadi, monga thambo ndi mitengo. Kuyambira pa Resolve 17 pali chida chotchedwa Magic Mask chimene chimazindikira munthu potsata maonekedwe a thupi, osati mtundu, koma chimapezeka mu Resolve yogula ya Studio, ya madola 295 a ku America, ndipo chimafuna kompyuta yamphamvu.

Pali chinanso chimene maphunziro ambiri a pa YouTube sanena, chifukwa amaphunzitsira pa nkhope za azungu. Khungu lakuda likadzoledwa mafuta kapena likachita thukuta limanyezimira, ndipo malo onyezimirawo amatenga mtundu wa chimene chawaunika. Panja, mphumi, mphuno ndi masaya zimatenga buluu wa thambo. Pansi pa mtengo wa mango zimatenga kubiriwira kwa masamba, ndipo m'tenti yaukwati zimatenga mtundu wa tentiyo. Malo amenewa sayankha mafunso a sefa ngati khungu, motero amatsala kunja kwa key. Mkonzi akawalitsa kapena kufiiritsa zimene zasankhidwa, nkhope imagawika zigambazigamba ngati ya munthu wodwala chikanga. Njira yopewera izi ndi kufewetsa malire a key kuti chotuwa chichuluke pa matte, kuipukuta ndi denoise ndi blur, ndiponso kusasintha kwambiri. Kusintha kochepa kumabisa key yopanda ukhondo, pamene kusintha kwakukulu kumaulula ngakhale key yabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi zambiri key siifunika n'komwe. Mizere yopinda yotchedwa Hue vs Hue, Hue vs Sat ndi Hue vs Lum imalola mkonzi kugwira mtundu umodzi n'kuukankha pang'ono, ndipo popeza ilibe malire akuthwa, siisiya zigamba. Nkhope zobiriwirako za pansi pa mango zimabwezedwa kumzere wa khungu mwa njira imeneyi, ndipo diresi lofiira limene lakolera mpaka kusefukira limachepetsedwa ukali. Phiri lotuwa ndi utsi wa moto wolusa wa m'chilimwe limakonzedwa ndi window imene imagwira kumtunda kwa chithunzi n'kumazilala potsika, kenaka mkonzi amakuza kusiyana kwa kuwala ndi mdima kuti matanthwe ndi zigwa zioneke.

Zimene kamera inataya kale

Key yabwino imayambira pojambula, ndipo chifukwa chake n'cha masamu. Diso la munthu limaona kusiyana kwa kuwala bwino kwambiri kuposa kusiyana kwa mitundu. Opanga makamera anapezerapo mwayi wochepetsa kukula kwa mafayilo: mafoni ndi makamera ambiri otsika mtengo amajambula mwa njira yotchedwa 4:2:0, imene imasunga kuwala kwa kadontho kalikonse koma mtundu umodzi wokha pa timadontho tinayi. M'chithunzi cha 1920 kwa 1080, mitundu imasungidwa ngati kuti chithunzicho ndi cha 960 kwa 540. Woonera saona kusiyana, koma qualifier imadya mitundu yomweyo, ndipo n'chifukwa chake m'mphepete mwa matte mumaoneka manomano ngati sowo. Makamera ojambula 4:2:2 amasunga mitundu yochuluka kawiri.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa makwerero a pakati pa mdima ndi kuwala. Kanema wa 8-bit ali ndi makwerero 256 pa mtundu uliwonse mwa itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, pamene wa 10-bit ali nawo 1,024. Mkonzi akakoka thambo la 8-bit kuti likhale labuluu kwambiri, makwerero ochepawo amatalikirana ndipo thambo limaoneka mizeremizere ngati munda wogalauzidwa. Chachitatu ndi mdima. M'tchalitchi chosawala bwino, kapena pa phwando lausiku lounikidwa ndi babu limodzi la jenereta, kamera imadzaza malo akuda ndi timadontho tonga mchenga, ndipo timadontho timeneti timachuluka pamene pali khungu lakuda. Sefa ikafika pamenepo imagwira mchengawo. Choyenera ndi kupukuta kaye chithunzi, kenaka kutenga key kuchokera ku chithunzi chimene sichinakokedwe kwambiri.

Ndipo pali zimene sizibwerera. Diresi loyera la mkwatibwi likapserera padzuwa la masana kufikira makwinya ndi maluwa ake atayika, palibe key imene ingalibweze, chifukwa m'fayilomo mulibe kanthu. Madzi akatayika saoleka. Wojambula amene amasunthira akwati pamthunzi, kapena amene amadikira dzuwa lipendeke, wagwira kale theka la ntchito ya mkonzi. Fayilo imene yadutsa pa WhatsApp isanafike kwa mkonzi imakhala itafinyidwa kachiwiri, ndipo mitundu yake imatsala timabokosi.

Nsalu yobiriwira

Mtundu wobiriwira unasankhidwa pa zifukwa zomveka. Pa vectorscope uli kutali ndi mzere wa khungu, choncho sefa siisokoneza munthu ndi nsalu. Komanso makamera ambiri a masiku ano amagwiritsa ntchito kayalidwe ka Bryce Bayer wa ku Kodak, ka mu 1976, mmene timaso toona chobiriwira n'tochuluka kawiri kuposa toona chofiira kapena chabuluu. Choncho chobiriwira chimajambulidwa mwaukhondo kuposa inzake. Zida zochotsera nsaluyi ndi Ultra Key mu Premiere Pro, Keylight mu After Effects, Delta Keyer mu Fusion ya Resolve, ndipo ngakhale CapCut ya m'foni ili ndi chake.

Malamulo ake ndi ochepa koma sakhululuka. Nsalu isitidwe ndi kukokedwa, pakuti khwinya lililonse ndi mthunzi, ndipo mthunzi ndi mtundu wina. Iunikidwe mofanana kuyambira ngodya ina kufika ina. Munthu aime mamita awiri kapena kuposa kuchokera pansaluyo, kuti mthunzi wake usagwerepo ndiponso kuti kubiriwira kusamuthimbiriritse. Kuthimbirira kumeneku, kumene akatswiri amakutcha spill, kumavuta kwambiri pa khungu lonyezimira, pa suti yakuda ndi pa mutu wometedwa; zida zonse zili ndi batani lokuchotsa, koma likapanikizidwa mopyola limasiya masaya otuwa ngati phulusa. Kuwala kochepa kochokera kumbuyo kwa munthu kumathandiza kumulekanitsa ndi nsalu. Zovala nazo ziyang'anidwe. Chitenje cha masamba obiriwira chimasanduka zenera, ndipo mbendera ya dziko lino imataya mzere wake wam'munsi. N'chifukwa chake olengeza zanyengo pa wailesi ya kanema savala zobiriwira. Velo, tsitsi lomasula ndi manja ogwedezeka mofulumira ndi mayeso aakulu, popeza m'menemo munthu ndi nsalu zasakanikirana m'kadontho kamodzi.

Key ikakhala yaukhondo, ntchito imakhala isanathe. Munthu wounikidwa kuchokera kumanja akaikidwa patsogolo pa chithunzi chimene dzuwa lake likuchokera kumanzere, ngakhale mwana amaona kuti wamatidwa. Mitundu ya munthuyo iyeneranso kugwirizanitsidwa ndi ya malo atsopanowo, ndipo apa secondary imabwereranso. N'zomvetsa chisoni pang'ono kuona kwaya ya m'boma ngati Phalombe itadzipanikiza m'kachipinda kotentha kutsogolo kwa nsalu, kuti iikidwe pansi pa mathithi a dziko lachilendo kapena pakati pa nyumba zosanjikizana za ku New York, pamene kuseri kwa tchalitchi chawo kuli phiri la Mulanje, la nsonga ya Sapitwa yotalika mamita 3,002, limene UNESCO inaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Nsalu yobiriwira ili ndi ntchito yake pa nkhani, pa maphunziro ndi pa zinthu zosatheka kujambulika. Siyofunika pobisa malo okongola kale.

Malire a dzanja la mkonzi

Chida chimene chimasankha khungu chingathenso kuliyeretsa, ndipo akonzi a maukwati amadziwa kuti pempho limeneli limabwera. Pali kusiyana pakati pa kubweza nkhope imene kamera inaimiza mumdima ndi kusintha munthu kukhala wina. Mbiri ya zithunzi ili ndi ngongole pa nkhaniyi. Kwa zaka zambiri kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyezera mitundu lokhala ndi nkhope ya mayi wachizungu, lodziwika kuti Shirley card, ndipo makina ankatcheredwa potsata khungu limenelo. Wofufuza wa ku Canada, Lorna Roth, analemba mu 2009 kuti madandaulo amene anathandiza kusintha zinthu anachokera kwa ogulitsa mipando yamatabwa ndi chokoleti, amene katundu wawo wofiirira sankaoneka bwino pazithunzi. Mafilimu ngati Moonlight ya mu 2016, ndi The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019 imene Chiwetel Ejiofor anaijambulira ku Kasungu, anaonetsa kuti khungu lakuda limakongola likasungidwa kuya kwake, osati likakokeredwa kumtunda. Mkwatibwi amene nkhope yake yayeretsedwa pamene khosi ndi mikono zatsala mmene zinalili sanakongoletsedwe, ndipo adzukulu ake adzaona m'kanemamo munthu amene sanakhaleko.

Pa nkhani zoona malirewo amakhwima. Mu Juni 1994 magazini a Time ndi Newsweek anasindikiza chithunzi chimodzimodzi cha O. J. Simpson chojambulidwa ndi apolisi, koma Time inachidetsa, ndipo magazini awiriwo ataikidwa pamodzi m'masitolo anthu anaona ndi kukwiya. Phalombe ndi boma limene zithunzi zake zimafika kutali makamaka pa nthawi ya tsoka: napolo wa mu Malichi 1991 amene anatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 amene anakokolola midzi ndi kudula misewu ya madera ngati kwa Nkhulambe. Makanema a masiku otere ndi umboni. Kuwalitsa chithunzi chojambulidwa mumvula kuti zipsera za paphiri zioneke ndi kuthandiza woonera kuona zimene zinalipo. Kusankha thambo n'kulidetsa, kusulutsa nkhope za opulumuka kuti aoneke ofooka, kapena kufiiritsa matope kuti aoneke ngati magazi, ndi kuwonjezera zimene panalibe, ndipo anthu amene anataya abale awo safunika kukometseredwa chisoni. Chimodzimodzinso m'kanema wotsatsa mbewu kapena feteleza: kukankha Hue vs Hue pang'ono kumasandutsa chimanga chachikasu, chosowa chakudya m'nthaka, kukhala chobiriwira bii, ndipo amene amalipira bodzalo ndi mlimi wa kwa Jenala kapena kwa Nazombe amene wagula poona.

Poyesa ndi potumiza

Galasi la laputopu silodalirika. Lina limapendekera ku buluu, lina ku chikasu, ndipo maso a mkonzi amene wayang'ana nkhope imodzi kwa ola lathunthu amazolowera chilichonse. N'chifukwa chake zida zoyezera, vectorscope ya mitundu ndi waveform ya kuwala, ziyenera kukhala zotsekula nthawi zonse, ndipo kanema wopita ku wailesi ya kanema kapena pa intaneti atsate muyezo wa Rec. 709. Mkonzi azimitse ndi kuyatsa zimene wakonzazo kangapo kuti aone ngati sanapyole, ndipo aonere kanemayo akuyenda, chifukwa key imene ikuoneka bwino pa chithunzi choima imatha kugwedezeka m'mphepete kanema akayamba. Popeza ambiri adzaonera pa foni, ayese kaye pa mafoni awiri kapena atatu otsika mtengo, m'nyumba ndi panja. Facebook, TikTok ndi WhatsApp zimafinyanso fayilo, ndipo chofiira chokolera kwambiri ndicho chimayamba kuphwanyika; potumiza kwa mwini ukwati kapena kwa mkonzi wina pa WhatsApp, fayilo itumizidwe ngati document kuti isafinyidwe. Mafayilo oyambirira a m'khadi la kamera asungidwe padera, osakhudzidwa, pa hadidiraivu ina yosiyana ndi imene ili ndi kanema wokonzedwayo.